Madeligeti a ku konveshoni amapezeka bwanji? Ife a m'maeriya tikufuna kulemba kalata

Wa_Doko_la_Makawa walemba:

Moni nonse, akuluakulu ndi anzanga. Ndabwera ndi nkhani yofuna nzeru zanu, makamaka inu amene munalowapo m'holo ya konveshoni kapena mumadziwako za malamulo.

Ine ndine tcheya wa eriya m'chipani china kuno ku Mangochi, cha ku Makawa. Dzina la chipanicho sinditchula. Ndikangolitchula ena muyamba kuombera m'manja, ena kutukwana, nkhani yeniyeni n'kusowa, chonsecho matendawa ndimawamvanso kwa anzanga a makaka ena amene timalimbirana nawo usipa pa doko. Ntchito yanga ndi yomweyo: kugula usipa m'mamawa, kuyanika pa thandala, ukauma n'kupita nawo ku Limbe. Za chipani ndimachita madzulo, popanda malipiro. Kukakhala msonkhano ndife timamema anthu, ndife timakwera m'mitengo ya mango kukamanga mbendera, membala akamwalira ndife timayenda ndi mbale khomo ndi khomo.

Koma wodzaimira chipani pa mpando wa pulezidenti sitisankha ndife. M'chipani chathu a nthambi ndi a eriya sitilowa m'holo. Amapita ndi madeligeti ochokera m'makomiti a konstichuwensi, a boma ndi a chigawo, pamodzi ndi akuluakulu a ku likulu. Zimenezo pazokha sindidandaula nazo, holo singatikwane tonse. Chondiwawa ndi momwe madeligetiwo amapezekera.

Konveshoni yathu yapitayi itayandikira, komiti ya konstichuwensi yomwe tinasankha tokha pa bwalo la sukulu, dzuwa likuswa mtengo, inathetsedwa pa foni. Gavanala anangouzidwa kuti ayambe wapuma kaye, akuluakulu akukonza zinthu. Kenako kunabwera komiti yogwirizira. Mayina ake sanawerengedwe pa msonkhano uliwonse, tinawadziwira kwa telala, titaona anthu akusoketsa yunifomu zatsopano. Mlembi wathu, mayi amene anasunga kaundula wa chipani m'nyengo yomwe ambiri anathawira kokoma, anamvera pa wailesi kuti konveshoni yatsegulidwa. Pa malo ake panapita mnyamata amene chaka chomwecho tinkamuona atavala tisheti ya chipani china.

Usipa suvundira ku Limbe, umakhala utaonongekera pa doko pomwe, a ku Limbe amangolandira fungo. Konveshoni n'chimodzimodzi. Anthu amaonera pa TV mabokosi oonekera mkati, mavoti akuwerengedwa poyera, n'kumati zayenda bwino, pomwe nkhani inatha kalekale tsiku lomwe ankalemba mndandanda wa opita.

Chisankho cha pa 16 Seputembala 2025 chinadutsa, aliyense wapuma, ndipo 2030 ikuoneka ngati ili kutali. Ife matcheya a maeriya angapo taona kuti nthawi yolankhula ndi ino, pamene palibe amene watenga fomu. Timakumana Loweruka masana kuti a ku mzikiti ndi a ku tchalitchi onse apezeke. Talemba kalata yopita ku likulu. Chachikulu chomwe tikupempha n'chakuti mndandanda wa madeligeti uzikhomedwa pa ofesi ya chipani pa boma kutatsala mwezi wathunthu, dzina ndi udindo wa aliyense, kuti wodandaula adandaule basi isananyamuke. Tikupemphanso kuti komiti yosankhidwa ndi anthu isamathetsedwe m'chaka cha konveshoni, ndipo ngati pali chifukwa chenicheni, tiyitanidwe tisankhe ina tokha. Zina ndi zakuti aliyense wofuna mpando aziloledwa kukumana ndi madeligeti osathamangitsidwa ndi anyamata, komanso ndalama ya fomu isakhale mamiliyoni oti angakwanitse ndi anthu awiri okha m'dziko muno.

Mafunso anga ndi awa. Kalata yotere timaipereka bwanji kuti asatitche ogalukira? Anzanga ena ayamba kale kunjenjemera, akuti tisaine ngati gulu, osalemba mayina. Ndiye pali ichi chomwe chatigawa pakati: bwana wina amene aliyense akudziwa kuti akuufuna mpando watumiza munthu wake. Akuti wamva za kalata yathu, wakondwa nayo, ndipo ndi wokonzeka kutipatsa ya mafuta ndi yosindikizira kuti tifike ku Namwera, ku Monkey Bay mpaka ku Makanjira. Msungichuma wathu akuti tilandire. Ine mtima ukukana koma m'thumba mulibe kanthu. Mungatani inu?

Kabaza_wa_pa_Soko wayankha:

Achimwene, landirani ndalamazo. Fodya wako ndi amene ali pamphuno.

Ndikufunseni: basi yomwe inanyamula madeligeti pa boma inalipiridwa ndi ndani? Holo, nsima, mabedi, nsalu zomwe amayi amavala? Inu a eriya munasonkhapo zingati? Chipani ku Malawi kuno chili ndi mwini wake, ndipo mwini wake ndi amene amatulutsa chikwama. Inu mukufuna mukauze munthu amene walipira zonse kuti asasankhe wokwera basi yake.

Kumbukirani za UDF, ife a kuno tinazionera pafupi. Nkhani ya teremu yachitatu itakanika, a Muluzi anangotenga a Bingu wa Mutharika mu 2003, munthu amene anapikisana nawo mu 1999 ndi chipani chake, n'kunena kuti uyu ndiye. Akuluakulu omwe anali m'chipanimo kuyambira pachiyambi anatani? A Aleke Banda anatuluka, a Justin Malewezi, wachiwiri kwa pulezidenti weniweni, anakaima paokha mu 2004. Mu 2018 gulu lomwe linkafuna a Chilima m'DPP linali ndi aphungu, linali ndi mayi Callista Mutharika, linali ndi magalimoto ndi ma wailesi. Linathera kuti? A Chilima sanakafike n'komwe m'holo, anatuluka, mu Julaye n'kukakhazikitsa UTM pa Masintha. Ngati anthu amenewo analephera kutsegula chitseko, inu ndi kalata yolembedwa pansi pa mtengo?

Sindikukunyozani. Ndikungoti poti mudzaluza basi, bola muluze mutadyako.

Abiti_wa_ku_Namwera wayankha:

Che Kabaza, inu mumanyamula anthu mpaka pa depoti n'kubwerera, m'holo simunalowemo. Ine ndinalowamo, ndinali deligeti wa amayi m'chipani changa, ndiye ndiloleni ndifotokoze.

Foni inabwera usiku kuti mawa mupezeke pa boma ndi chiphaso cha unzika. Pokwera basi panali bambo wina pa chitseko ali ndi pepala, akuchonga mayina ndi tochi ya foni. Amayi awiri a komiti yathu anatsala pompo ndi zikwama zawo, akuti mayina awo palibe. Palibe amene anafunsa chifukwa, tonse tinangoyang'ana pansi, poopa kuti ukayankhula dzina lako lisowanso. Titafika sanatipititse ku holo. Anatitsekera pa loji ina kunja kwa tauni, anayi m'chipinda chimodzi, pa geti pali anyamata. Wina aliyense wofuna mpando amene sanali wa mbali ya otisungawo ankabwezedwa pa geti pomwepo. Usiku kunabwera ma envulopu, ndipo m'kati mwa ndalamamo munali kapepala ka mayina, kuyambira pamwamba mpaka kwa wachiwiri kwa mlembi wa zofalitsa nkhani. Anatiuza kuti ukachonga ujambule ndi foni, ukaonetsa chithunzi ulandira yotsala.

Tsono mvetserani apa, achimwene a ku Makawa, chifukwa m'kalata mwanu mukusowa chinthu. Mmawa wake oyendetsa chisankho analengeza kuti foni sizilowa m'kachipinda kovotera, uzisiya pa tebulo. Basi, envulopu ija inathera mphamvu pomwepo. Mayi amene ndinagona naye bedi limodzi, amene usiku wonse ankalumbira kuti atsata kapepala, anatuluka m'kachipindamo akumwetulira, n'kundinong'oneza kuti ndadya zawo koma ndavotera wanga. Zotsatira zitatuluka, mayina akuluakulu angapo a pa kapepala paja anagwa. Choncho muonjezere kuti mavoti aziyendetsedwa ndi anthu a kunja kwa chipani, monga momwe zipani zina zimaitanira a bungwe loyendetsa zisankho la MEC, ndipo foni zisamalowe.

Koma pa mpando wa pulezidenti sitinavote n'komwe. Wapampando anangoimirira n'kunena kuti fomu inatengedwa ndi munthu mmodzi, nthungululu n'kuyamba, ng'oma n'kulira. Ine ndinavina nawo, ndikanatani. Si ife tokha: mu Ogasiti 2024 a Chakwera ku MCP ndi a Mutharika ku DPP onse anadutsa opanda wopikisana naye. Mwina anthu ankawafunadi, sindikukana, koma ngati ankawafuna, bokosi likanawaopsa chiyani? Ine ndikanakonda kuti ngakhale munthu ali yekha tizivotabe mwachinsinsi kuti eya kapena ayi, adziwe kuti ali ndi angati.

Za ndalama za bwanayo, musayerekeze. Tsiku lomwe mudzathire mafuta ake, kalata yanu idzasanduka yake. A ku likulu sadzayankhanso za mndandanda, adzangoti awa ndi anyamata a uje, nkhani n'kutha. Ndipo bwanayo akadzapambana adzafuna mndandanda womwewo wolembedwa kuchipinda, chifukwa tsopano cholembera chidzakhala m'manja mwake.

Musadandaule za mafuta kwambiri. Amayi timakumana kale ku banki m'khonde sabata iliyonse, timakumana ku maliro, ku zinkhoswe, ku sadaka. Kalata ikhoza kuyenda m'chikwama cha mayi wopita kukagula nyemba ku Chiponde popanda kulipira kalikonse. Koma musatipatse kuti tingodinda chala kumapeto. Pa anthu okapereka kalatayo pakhale amayi, ndipo mlembi wanu uja amene anamvera pa wailesi akhale patsogolo.

Kalaliki_wa_pa_Boma wayankha:

A tcheya, musanatumize chilichonse, kodi malamulo a chipani chanu munawawerenga? Sindikunena zomwe gavanala amanena pa msonkhano, ndikunena buku lenilenilo. Matcheya ambiri amene ndimacheza nawo sanalionepo ndi maso. Chipani chilichonse polembetsa chimapereka malamulo ake ku ofesi ya mkulu wolembetsa zipani, malinga ndi lamulo la zipani la 2018, ndipo mukhoza kulemba kalata yopempha kope ngati a chipani akukubisirani. Mukalipeza fufuzani zinthu ziwiri: ndime yonena kuti deligeti ndi ndani, ndi ndime yonena kuti ndani ali ndi mphamvu yothetsa komiti, pa zifukwa ziti. Nthawi zambiri mupeza kuti zomwe mukupemphazo zina zilimo kale, kungoti sizitsatidwa. Kalata yonena kuti tikupempha kuti ndime yakutiyakuti itsatidwe ndi yovuta kuitcha kugalukira kusiyana ndi kalata yonena kuti tatopa.

Makhoti athu akhala akulowerera pa nkhani zimenezi. Chitsanzo china chinachitikira kwathu konkuno. Mu Julaye 2023 komiti yaikulu ya DPP inakumana ku Nkopola, ena m'chipanimo anakadandaula, ndipo mu Seputembala khoti lalikulu linagamula kuti msonkhanowo sunayende motsata malamulo a chipanicho. Mu 2024 komiti yaikulu ya MCP inaika lamulo loti wopikisana ku konveshoni akhale amene wakhala m'chipani zaka ziwiri ndipo anakhalapo pa udindo. Khoti linakana lamulolo konveshoni ya ku BICC itatsala pang'ono. Muone bwino apa: pa milandu yonseyi khoti silinapangire chipani malamulo abwino, linangoti tsatani anu omwe. Ngati buku lanu limapatsa likulu mphamvu yothetsa komiti nthawi iliyonse, woweruza sadzakuthandizani. Pamenepo ntchito yanu ndi yosintha ndimeyo, ndipo amene amasintha malamulo a chipani ndi konveshoni yomweyo. Ndi chifukwa chake kuyamba pano n'kwanzeru.

Komanso kupambana ku khoti si kupambana m'chipani. A Kondwani Nankhumwa anali wachiwiri kwa mtsogoleri wa DPP m'chigawo cha kummwera, anali ndi maloya, koma mu Januwale 2024 anachotsedwa m'chipanimo n'kukayambitsa PDP. Inu mlandu wotere mungakausumire ku Zomba, loya wake simungamulipire ndi usipa wa mwezi umodzi. Khoti likhale njira yomaliza.

Pa kaperekedwe: saini ndi mayina anu enieni, udindo ndi eriya. Kalata yopanda mayina amaitaya, kenako amayamba kusaka yemwe analemba, ndipo amagwira mmodzi. Ikakhala ndi mayina ochuluka ochokera m'makonstichuwensi osiyanasiyana, kuchotsa onse kumakhala kuthetsa chipani m'boma lonse. Musaine mozungulira ngati mukuopa za amene ali pamwamba. Idutse kwa gavanala wa konstichuwensi, wa boma, wa chigawo, mpaka kwa mlembi wamkulu, paliponse mukasiye kope n'kuwauza asaine pa kope lanu ndi kulemba deti. Ku wailesi musathamangireko msanga. Apatseni nthawi yoti ayankhe, muilembe m'kalatamo, ikadutsa ndiye mukhoza kuyankhula poyera muli ndi umboni woti munagogoda pakhomo.

Che Kabaza, funso lanu loti amalipira basi ndi ndani ndi labwino, ndipo lamulo lomweli linaliganizira. Chipani chimayenera kuulula kwa mkulu wolembetsa zipani thandizo lililonse loyambira K1 miliyoni kuchokera kwa munthu, kapena K2 miliyoni kuchokera ku bungwe. A tcheya akhoza kuikamo mzere umodzi wopempha kuti msungichuma wa chipani aziwerenga m'holo momwemo kuti konveshoni yadya zingati ndipo zachokera kuti.

Wa_ku_Joni_Mayfair wayankha:

Salaam a tcheya, ndine wa ku Katuli koma ndili ku Johannesburg, ndimasoka m'shopu. Ndikuuzeni zomwe ndimaona kuno, osati poti n'zabwino zonse.

Ku ANC, chipani chachikulu cha kuno ku South Africa, nthambi ndiye mwini nkhani. Nthambi imayenera kukhala ndi mamembala osachepera 100 olipira khadi. Konferensi ikamayandikira, amabwera kudzawerenga kaundula, kenako nthambi imaitanitsa msonkhano, ndipo ngati opitirira theka sanabwere msonkhanowo suwerengedwa, muyambirenso. Pa msonkhano umenewo ndi pomwe amasankha deligeti wawo n'kutchula amene akumufuna pa utsogoleri. Madeligeti ochuluka kwambiri m'holo amachokera ku nthambi, osati ku maofesi. Mu Disembala 2017 ku Nasrec, kuno komwe, pa mpando wa mtsogoleri wa chipani Cyril Ramaphosa anapeza mavoti 2,440, Nkosazana Dlamini-Zuma 2,261. Kusiyana 179 basi, ndipo mpaka mphindi yolengeza bwana wanga ndi makasitomala ake ankangokangana, palibe ankadziwa. Zaka khumi m'mbuyo mwake, ku Polokwane, Thabo Mbeki, ali pulezidenti wa dziko, anagonja kwa Jacob Zuma. Kwathu mungaziyerekeze zimenezo?

Chinyengo chiliko, musanamizidwe. Anthu amalipirira makadi a anthu ena mazanamazana kuti nthambi ioneke yaikulu, ndalama zimayenda m'mahotela ngati momwe Abiti afotokozera, ndipo 2017 yomweyo makhoti analetsa makomiti a zigawo zina kuvota. Koma wakuba kuno amavutika, amayenera kuba nthambi imodziimodzi, pomwe kwathu amangoimba foni imodzi kwa gavanala.

Ndiye funso langa kwa inu ndi lakuti, membala wa chipani chanu ndi ndani? Amene ali ndi nsalu? Mayi anga kumudzi ali ndi nsalu za zipani zitatu, ina amafunda, ina amaberekera mdzukulu. Popanda kaundula mudzakangana mpaka kalekale kuti komiti yeniyeni ndi iti. Yambani inuyo: buku la hadikava pa eriya iliyonse, dzina, mudzi, nambala ya chiphaso, ndi kandalama kochepa pa chaka komwe munthu walipira yekha. Kandalama komweko ndiye mafuta anu. Ine za bwanayo ndikugwirizana ndi Abiti.

Mphunzitsi_Wopuma_Malindi wayankha:

Mwana wanga wa ku Makawa, anzako akunjenjemerawo usawaseke. Mantha amenewo kuno ali ndi mbiri yake. Henry Masauko Chipembere anali wa kwathu kuno, mmodzi mwa anthu amene anaitana Kamuzu kuti abwere mu 1958. Atasemphana maganizo mu 1964, mawu oti chigawenga anagwera boma lonse lino. Mu Febuluwale 1965 anthu ake analowa pa boma, pomwe panthawiyo pankatchedwa Fort Johnston, n'kukathera pa doko la Liwonde. Zotsatira zake anazimva ndi anthu wamba, a m'mudzi wa Moto anatengedwa mudzi wonse kupita ku ndende. Ife tinakula tikuloweza nsanamira zinayi, umodzi, kukhulupirika, kumvera ndi kusunga mwambo, ndipo konveshoni ya chipani inali malo okaombera m'manja, mpaka mu 1971 munthu anakhala pulezidenti wamuyaya. Pa 14 Juni 1993 tinavotera nyali, chizindikiro cha ofuna zipani zambiri, zipani zinachulukadi, koma kamvedwe kaja kanangosamukira m'zipani zatsopanozo. Choncho ukamawauza anzako kuti asaine, uwauze modekha, ndipo uyambe ndiwe.

Sindigwirizana ndi Che Kabaza kuti madeligeti sanagwetsepo mwini chipani. Mu Ogasiti 2013 a MCP sanalole kuti a John Tembo aimenso, anthu angapo anapikisana, ndipo anapambana a Lazarus Chakwera, amene anali atangosiya kumene utsogoleri wa mpingo wa Assemblies of God. Chaka chomwecho mu Epulo a Henry Chimunthu Banda anaima kupikisana ndi a Peter Mutharika ku DPP. Anagonja, koma bokosi linagwira ntchito. Mu Novembala 2024 ku Mzuzu a UTM anali ndi anthu angapo pa pepala, n'kusankha a Dalitso Kabambe. Zimatheka.

Ngakhale ku America sizinagwe kumwamba. Mu 1968 chipani cha Democratic chinasankha Hubert Humphrey ku Chicago, munthu amene sanapikisane nawo m'mapulaimale, chifukwa madeligeti ambiri anali m'manja mwa akuluakulu a chipani m'madera. Kunja kwa holo kunali zipolowe, ndipo pa chisankho anagonja kwa Richard Nixon. Chipanicho chinakhazikitsa komiti yomwe inasintha malamulo a kasankhidwe ka madeligeti, pofika 1972 zinthu zinali zina. Amene anakankha zimenezo anali mamembala okwiya a m'chipani momwemo, ndipo akuluakulu anamvera chifukwa anali ataluza.

Apo ndi pomwe ndikufuna ukhazikike. Akuluakulu a chipani sumawagwira mtima ndi mawu oti chilungamo, umawagwira ndi masamu. Mu 2014 aphungu oima paokha anapambana mipando 52 mwa 193, mu 2019 anafika 55. Ambiri mwa iwo ndi anthu amene anaberedwa kapena kutsekeredwa pa mapulaimale a zipani zawo, anthu n'kuwatsatira. Ndipo chigamulo cha pa 3 Febuluwale 2020 chinatsimikiza kuti pulezidenti ayenera kupeza mavoti opitirira theka. Chipani chomwe chimataya anthu pa konveshoni iliyonse sichingafike pamenepo. Ulembe zimenezo m'ndime yoyamba, madandaulo abwere pambuyo.

Wa_Doko_la_Makawa wayankha:

Zikomo nonse, ndawerenga mobwereza, ndipo dzulo ndinawawerengera anzanga pa foni.

A Kalaliki, mwandigwira. Pa matcheya onse amene tinalipo, buku la malamulo anali nalo ndi mmodzi, lakale, masamba a pakati anadyedwa ndi chiswe, ndipo ndime ya madeligeti ili m'masamba omwewo. Tagwirizana kuti kalata iyambe yadikira mpaka tipeze kope lathunthu. Tikayamba kupempha kwa gavanala wa boma, akakana ndiye tilembera ku ofesi mwatchulayo. Tikufunanso wina atimasulire ndime ziwirizo m'Chichewa ndi m'Chiyao, chifukwa ambiri mwa osainawo Chingerezi cha malamulo sachimva, ndipo sindikufuna munthu adzanene kuti anadinda chala pa chinthu chomwe sanachidziwe.

Za foni m'kachipinda ndi za oyendetsa mavoti a kunja talowetsa. Za kuvota eya kapena ayi pa munthu amene ali yekha, Abiti, zakanidwa. Anzanga akuti zimenezo a ku likulu adzaziona ngati tikulimbana ndi mtsogoleri mwini, n'kutaya kalata yonse. Ine ndinaikonda mfundoyo koma ndinagonja pa manja.

Ndalama za bwana uja nkhani yake sinathe. Ambiri tinakana, ndipo munthu wake ndamuyankha kuti bwanayo akafuna kuthandiza, adzanene poyera kuti akugwirizana ndi zoti mndandanda uzikhomedwa, ngakhale atadzakhala iye pa mpando. Sanayankhebe. Koma msungichuma wathu sanakondwe, akuti ku Makanjira ndi mseu umene uja sitingafikeko ndi ndalama za m'mbale, ndipo akunena zoona. Ndikukayika ngati sakumana naye payekha. Buku la hadikava tagula limodzi loyesera pa eriya yanga, koma nambala ya chiphaso anthu akukana kupereka, akuti zimenezo zimathera kwa anthu ogula mavoti. Tilemba dzina ndi mudzi basi.

Abiti, kodi ku Namwera kungapezeke amayi awiri oti abwere Loweruka la mawa lino? Tikumana pa boma, pafupi ndi mlatho, kuti a kutsidya asavutike.

Kabaza_wa_pa_Soko wayankha:

Ine maganizo anga sanasinthe, mudzandiuza mu 2029. Koma amayi a ku Namwerawo akatsika pa depoti andiimbire, ndiwafikitsa pa mlatho ulere. Kubwerera alipira.